Chaka chimene tinkauluka pa chulu

Kabuku koyamba kankanunkha fodya. Amalume anakatulutsa m'thumba la jekete kali kopindika pakati, ndipo pachikuto panali munthu wophimba kumaso, nkhonya patsogolo, akudutsa pamwamba pa nyumba zosanja ngati palibe kanthu. Ndinangoti kukamwa yasa. Ndinali Sitandade 5, kumudzi kwathu kufupi ndi Nsaru.

Inali nyengo yogulitsa fodya. Amalume, achimwene awo a amayi, ankakweza mabelo pa lole yopita ku okushoni ku Lilongwe, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi kabuku kena ka zithunzi. "Kangotuluka kumene aka," ankatero, "ngakhale ana a mabwana sanakaone." Kaya zinali zoona kaya ayi, ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Chingerezi changa chinali chotsimphina, dzina la munthu woulukayo linandikanika, ndiye ndinangomutcha Namzeze, chifukwa chinsalu cha kumsana kwake chinali chogawikana ngati mchira wa mbalameyo.

Sipanapite nthawi ndinasanduka katswiri. Pa nthawi yopuma kusukulu anzanga ankandizungulira pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumagamula milandu. Kabuku koyamba ndinkati kanachuluka zolankhula, nkhonya ziwiri zokha, kuwononga mapepala. Kachiwiri ndiye eya! Basi yodzaza anthu ikugwa pa mlatho, Namzeze n'kuiwakha ndi dzanja limodzi. Tsamba limenelo tinaliyang'ana mpaka linada ndi zala. Kachitatu kanandikwiyitsa, chifukwa wojambula anamuwondetsa miyendo ngati wadwala. Mdani wake, chimunthu chamutu wachitsulo, ndinkamukonda mobisa, poti iye sankataya nthawi ndi kulankhula. Za chinsalu chija ndinkauza aliyense kuti kwathu kuno chikanakodwa paminga tsiku loyamba lomwe, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Koma chinsalucho ifenso tinachifuna. Kuseri kwa chigafa chathu kunali chulu chachitali. Tikaweruka kusukulu tinkaba zitenje za amayi athu, kumanga m'khosi, kukwera pamwamba n'kudziponya. Mphepo ya mu Juni inkalowa m'chitenje n'kuchitukumula, ndipo kwa kanthawi kochepa kwambiri mapazi athu ong'ambika sankagunda kanthu. Kenako fumbi m'kamwa, maondo onyuka, chiseko. Sindikumbuka kuti ndinasangalalapo chomwecho chiyambire.

Tsiku lina kamwana ka nyumba yoyandikana nafe, ka zaka zisanu ndi chimodzi, kanagwera dzanja n'kuthyoka. Atakafunsa kwawo chimene kankachita pa chulu, kanayankha zoona zokhazokha: kuti tinkaphunzira kuuluka, komanso kuti zoulukazo zinkabwera ndi amalume anga aja.

Pano ndine wamkulu, ndikudziwa mmene mawu amenewo anamvekera. Zaka zimenezo mbiri ya ana ophunzitsidwa ufiti inali paliponse, m'misika, pamijigo, m'maulaliki. Kwathu munthu wouluka si ngwazi ayi. Ndipo amalume anali munthu wamkulu wosakwatira, wokhala yekha, woyendayenda, kutchalitchi wongooneka pa Khirisimasi.

Masana a tsiku lachitatu pabwalo pathu panadzaza anthu. Akuluampingo awiri anakhala pamipando, aphunzitsi anga anaima pambali ndi njinga yawo, ndipo achinyamata ena anali chapatali, manja kumbuyo. Amalume anakhala pansi, chipewa pabondo. Amayi anatulutsa timabuku tonse tinayi n'kupereka kwa aphunzitsi atagwada.

Aphunzitsi anatsegula, n'kundiitana. "Tawauza akuluakuluwa zimene zili umu."

Ine chimwemwe! Chigulu chotere ndinali ndisanachipezepo. Ndinayambira pachiyambi penipeni. Ndinaonetsa basi ija, ndinachita kulira kwa nkhonya ndi pakamwa, ndinawadandaulira akuluampingo za miyendo yowonda ya m'kabuku kachitatu, ndinawachenjezanso kuti koyambako asavutike nako. Aphunzitsi ankaseka mokweza kuposa mmene nkhaniyo inkaseketsera, akuyang'ana uku ndi uku kuti ena awathandize.

"Mwaona, eti?" anatero. "Nthano zojambula izi, zosindikiza pamakina ngati mabuku akusukulu. Ana anga onse amadumpha pa chulu."

Mkulu wampingo mmodzi anaseka n'kupukusa mutu. Winayo sanaseke. Kumbuyo mayi wina ananena motsitsa, koma tonse tinamva: "Nanga mwana wosadziwa Chingerezi zonsezi wazidziwa bwanji?" Ine ndinayesa akunditama, ndipo ndinamwetulira.

Anthu anabalalika popanda womenya amalume. Koma kuyambira tsiku limenelo ana ankaitanidwa kulowa m'nyumba amalume akamadutsa, ndipo moni wawo unkagwera pansi. Timabuku tija aphunzitsi anapita nato, akuti akatisunge.

Patatha sabata lole inabwera m'mamawa. Amalume anakweza mabelo monga mwa masiku onse, kenako anaponyamo mphasa, ndowa ndi chikwama chawo chonse. Anakakhala ku maesiteti a ku Kasungu, ndipo kumudzi anadzapondako ine nditamera kale ndevu. Koma m'mawa umenewo nkhawa yanga inali ina. Kabuku kachinayi kanathera pamene Namzeze anamangidwa maunyolo pansi pa madzi, mpweya ukumuthera. Lole itanyamuka ndinaithamangira m'fumbi ndikukuwa kuti asaiwale kachisanu.

"Sindiiwala, mphwanga!" anakuwa ali pamwamba pa mabelo.

Ndinabwerera ndikudumphadumpha, ndikuwerenga masiku ndi zala. Ndinapeza amayi atakhala pakhonde, nkhope ili m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinawaseka. Ndinawauza kuti asalire, ku Lilongwe si kutali, amalume abwera Loweruka.