Amuna anga ataima pa linthumbu

Chaka chimene pafupifupi mudzi wonse tinalandira makuponi a feteleza, chimanga chinachita bwino, fodya osanena, mpaka kwaya yathu ya ku Lisasadzi inayamba matama. Tinagwirizana zokagona kunkhalango ya ku Lifupa kuti nafenso tikaone nyama. Tenti tinalibe, ndiye tinalumikiza matumba a feteleza aja n'kukhala chinsalu chachikulu, n'kukwera lole yonyamula mabelo a fodya.

Amuna anga ankaimba besi, choncho anapita nawo. Mayi anga sankaimba chilichonse, koma anakana kutsala. Njira yonse awiriwa anakhala monga akhalira mkamwini ndi apongozi ake: wina kutsogolo, wina kumbuyo, osaphana maso.

Titafika anatilandira mayi wina woyang'anira nyama, wa yunifolomu yobiriwira, mfuti ili paphewa. Ataona tenti yathu anafunsa ngati tabwera kudzagona kapena kudzathira feteleza. Kenako anayamba malamulo.

"Chakudya musasiye poyera, anyani akuno alibe manyazi. Moto muzimitse ndi madzi, osati ndi pemphero. Poyenda tidzandondozana, ine patsogolo. Phokoso ayi."

"Ngakhale kakorasi kamodzi?" anafunsa otsogolera kwaya.

"Ngakhale kutsokomola. Tikakumana ndi njovu ndikweza dzanja, aliyense aime pomwe ali. Osathawa, osayankhula, osagwedezeka."

Amuna anga ndi munthu womvera malamulo mopitirira muyeso. Alangizi atanena kuti mbewu imodzi paphando, iwo ankabwerera kukafukula akakayikira kuti agwetsamo ziwiri. Ndiye mawu a mayi uja anawameza onse.

Dzuwa litapendeka tinalowa m'tchire. Tisanafike kudamu komwe nyama zimamwera madzi, dzanja lija linakwera. Kutsidya kwa kadambo kunali njovu, ikuthyola nthambi mosatekeseka. Tonse tinauma ngati zitsa.

Ine ndinali kumbuyo kwa amuna anga, mayi anga kumbuyo kwanga. Nditaona thukuta likuyenderera m'khosi mwawo ndinati ndi mantha. Kenako ndinayang'ana pansi. Anali ataima pakati penipeni pa mzere wa linthumbu, ndipo linali litayamba kale kukwera m'buluku.

"Bambo, sunthani," ndinanong'ona.

"Anati osagwedezeka," anayankha atalumanitsa mano.

"Likulumanitu!"

"Ndikudziwa, mayi. Lafika kale kulikulu."

Anapirira ndithu. Misozi inatsika, mwendo umodzi n'kuyamba kuvina wokha. Potsiriza anaganiza kuti lamulo silinatchulepo za buluku. Pang'onopang'ono, mopanda kaphokoso kalikonse, anamasula lamba, buluku n'kugwera m'mapazi. Anayamba kuzula linthumbu limodzilimodzi, maso ali ndithu kunjovu.

Mayi anga anafunda chitenje kumutu, n'kutuluka mumzere, ulendo wolunjika komwe kunali njovu kuja.

"Amayi, bwererani!" ananong'ona mokalipa woyang'anira nyama uja, atawagwira mkono.

"Ndisiye mwanawe," anatero mayi ali m'chitenje momwemo. "Bola indiponde njovuyo. Zili ukozo si zoti ine ndizione."

Masopulano anayamba kuphulika mmodzimmodzi, atatseka pakamwa ndi mipango. Otsogolera kwaya anachita kuluma chipewa. Njovu inatukula chitamba, n'kutiyang'ana kanthawi, kenako inatembenuka kulowa m'mitengo ngati nayonso yachita manyazi.

Titabwerera pamsasa, woyang'anira nyama uja anapatsa amuna anga mafuta opaka.

"Lamulo mwasunga, bambo," anatero akupukuta misozi ya chiseko. "Koma kusuntha phazi limodzi njovu siikwiya nako."

"Mukananeneratu," anayankha amuna anga. Chakudya chamadzulo anadya chiimire.

Titafika kumudzi anagwira tambala wamkulu, n'kutuma ankhoswe kuti akapepese kwa apongozi. Mayi analandira, n'kulumbira kuti iwo sanaone kanthu chifukwa anali atafunda. Tambala atadyedwa anandiitanira kuseri kwa chigafa.

"Mwanawe, singano ulibe kodi? Kabudula wa mwamunako ali ndi zibowo ziwiri kumbuyoku."