Munthu Wouluka wa Malume

Kabukuko kanalibe chikuto. Kanali ka zithunzi, mapepala ake atafewa ndi kugwiridwa, ndipo kankanunkha mafuta a m'tsitsi ndi fumbi la m'sutikesi. Malume anabwera nako kuchokera ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi jekete limodzi, dzanja lamanja lopanda zala zitatu ndi chifuwa chosamva mankhwala. M'kabukumo munali mzungu wa minofu ngati ng'ombe ya ngolo, wovala zothina zobiriwira, amene ankauluka popanda mapiko. Mawu ake, a Chingerezi, ankatuluka pakamwa m'timitambo toyera.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 6 pa Mitundu, mtsikana wa nambala wani m'kalasi, ndipo ndinkafuna kuti ngakhale nkhuku zidziwe zimenezo. Inali nyengo yosankha fodya wa chikopa. Bambo anali atamwalira, choncho amayi ankadalira anansi kudzawathandiza m'chigafa. Mmenemo maso ankawawa ndi utsi wakale, zala zinkamata phula la fodya, ndipo munali lamulo losanenedwa: wosagwira tsamba sakhudza thobwa.

Malume sakanatha kumanga fodya ndi dzanja lawo lija. Ntchito yawo inali kuwerenga. Ankakhala pa ndowa yovundikira, kuvala magalasi, kunyambita chala n'kutsegula kabuku. Ankati munthu woulukayo anali kapitawo wa mumgodi. Pa tsamba lapakati pamene ankanyamula chimwala chachikulu kuposa nyumba, malume ankatsitsa mawu n'kutiuza amene anali pansi pake: wina wa ku Dedza wokonda kuimba, wina wa ku Tete wosadya nkhumba, ndi kamnyamata kamene kanali kasanalandire malipiro ake oyamba. Onse ankatuluka amoyo, akudzisasa fumbi. Azibambo ankabwera ochuluka chifukwa cha nkhani imeneyi, fodya wa amayi n'kumayenda, ndipo chikho choyamba cha thobwa chinkapita kwa wowerenga.

Chimene chinandivuta ine chinali chakuti chala chawo sichinkatsata mizere. Tsiku lina ndinabisa kabukuko m'kati mwa kope langa n'kupita nako kusukulu. Aphunzitsi anayamba atseka chitseko, chifukwa masiku amenewo buku lochokera kunja linkatha kukuitanira anyamata a chipani. Anawerenga mofulumira, ataimirira. Anati munalibe mgodi mmenemo. Inali nkhani ya mbava yoba m'banki, ndipo chimwalacho mbavayo inangochiponya mumsewu kuti itseke njira. Anandibwezera n'kundichenjeza kuti ndisadzabwerenso nako.

Ndikanatha kusunga zimenezi mumtima. Mwana wina aliyense wa nzeru zenizeni akanatero. Ine ndinadikira mpaka Loweruka, chigafa chitadzaza, malume atafika pa wa ku Dedza uja, ndiye ndinaimirira.

"Akunama malumewa. Satha kuwerenga. Pansi pa mwalawo palibe munthu, aphunzitsi awerenga."

Ndinkayembekeza kuti anthu aseka. Palibe anaseka, ndipo palibe anayang'ana malume. Onse anayang'ana ine, kenaka anaweramira fodya wawo. Malume anavula magalasi, n'kuwapinda bwinobwino, n'kunena kuti mwanayu sukulu ikumuyanja. Thobwa litabwera anati m'mimba simuli bwino.

Amayi sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Anangondifunsa ngati ndikuganiza kuti m'chigafa muja munali munthu mmodzi amene sankadziwa.

Lolemba malume anayesa kumanga fodya ngati anzawo. Timitolo tawo tinkamasuka, masamba n'kung'ambika, ndipo anthu ankatimanganso mwakachetechete iwo akatuluka kukatsokomola. Patapita masiku ochepa ananyamula sutikesi yawo. Anati msuweni wawo wokonza njinga pa Nathenje akufuna munthu womulondera zipangizo. Kabuku anakasiya pa ndowa paja. Anansi anayamba kupeza zifukwa, ndipo fodya wotsalayo tinamaliza awiri ndi amayi, mochedwa, wina atachita nkhungu.

Dzinja lisanafike tinamva kuti chifuwa chawagoneka malume. Tinapita pa Nathenje wapansi, amayi atasenza ufa, ine nditatenga kabuku kaja chifukwa malumewo anachita kutumiza uthenga kuti ndibwere nako. Tinawapeza m'kachipinda kuseri kwa sitolo, pa mphasa, pakati pa matayala akutha. Malole akamadutsa pamsewu, malata ankanjenjemera. Anali ataonda mpaka jekete lija linkaoneka ngati lobwereka.

Anandiuza kuti ndiwawerengere zenizeni zake, kuyambira poyamba. Ndinawerenga monyada, ndikumasulira, mawu ovuta ndikuwalumpha. Nkhani yake inali yozizira, ine ndemwe ndinamva, koma ndinapitiriza. Titafika pa tsamba lapakati anandigwira mkono ndi zala zawo ziwiri zija, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali.

"Ndiye kuti pansi pakepo panalibedi munthu?"

"Panalibe, malume."

"Ndi mmodzi yemwe?"

"Ndi mmodzi yemwe."

Anapumira m'mwamba n'kutembenukira kukhoma. Amayi anatuluka panja msangamsanga ngati aitanidwa. Malume anamwalira mvula yoyamba itangogwa, ndipo sindinawapepese, chifukwa sindinkaona cholakwa changa.

Pobwerera ku Mitundu tsiku lija ndinkayenda patsogolo, ndikudumpha timiyala, wokondwa kuti munthu wamkulu wavomera pamaso panga kuti ine ndi amene ndinkanena zoona. Sindinkadziwa kuti anthu atatu a pansi pa chimwala aja analipodi, kuti malume anawasiya pansi pa nthaka ku Joni, ndi kuti malo okhawo amene ankatha kuwatulutsa amoyo ndinawatseka ndine.