Fayilo Imene Ndinatsekera Ba Mudala

Zaka zija boma linkagulitsa makampani, ine ndinkagwira ntchito pa kafakitale kena ku Industrial, kuno ku Kafue, kolongedza feteleza m'matumba. Muofesi ya kompyuta tinalimo awiri, ine ndi bambo wina wachikulire wa ku Chipata amene tonse tinkawatchula kuti ba mudala. Ndiwo anandiphunzitsa ntchito, ndipo m'mawa uliwonse tinkayenda limodzi wapansi kuchokera ku Nangongwe.

Kompyuta yathu inkayendetsa sikelo yodzaza matumba. Tikasintha kanthu mu pulogalamu, tinkayamba taiyesa tisanaipereke kwa anthu a pasikelo. Zoyesera zonse zinali mu fayilo imodzi: thumba lopanda kanthu lilemere bwanji, sikelo iime pati, ichite chiyani feteleza akanyowa. Ba mudala anailemba m'mawu wamba, mzere ndi mzere, pansi pa nambala iliyonse n'kuikapo ndemanga m'Chinyanja. Ngakhale mlonda wa pageti akanatha kuiwerenga.

Ine zinkandinyansa. Ndinali ndi pepala la kukoleji, matama ali thoo.

"Ba mudala, iyi ni fayilo olo ni kalata yoyenda kumunzi?" ndinawaseka tsiku lina.

"Mwaiche, makina siyadwala, siyayenda ku malilo," anandiyankha, poti mwaiche, kutanthauza mwana, ndilo linali dzina langa kwa iwo. "Ise timayenda. Lemba vakuti munzako abelenge."

Kenako kunamveka kuti eni ake atsopano achotsa anthu ntchito, ndipo muofesi mwathu mutsala mmodzi. Mantha, abale inu! Mkazi wanga anali woyembekezera. Ndinakauza manijala kuti fayilo ya ba mudala ikuchedwetsa kompyuta, ndipo ndinaisandutsa ya mtundu wina, yoti ukaitsegula umangoona tizizindikiro topanda mutu. Inkawerengeka ndi kapulogalamu kanga kokha, kamene ndinkayenda nako pa disiketi m'thumba la malaya. Zochedwazo linali bodza lamkunkhuniza. Ndinkangofuna pakhale chinthu chimene ndingathe ine ndekha.

Ba mudala anaitsegula, anaiyang'ana nthawi yaitali, napukuta magalasi awo. "Yaba, wakula mwaiche," anatero basi.

Atabwera eni ake atsopano kudzaona ntchito yathu, mmodzi anauza ba mudala kuti asinthe nambala imodzi, ayese sikelo. Anakhala pampando, manja ali m'malere, osadziwa pogwira. Ine ndinangosolola disiketi yanga, kanthawi kochepa zatheka. Kalata yowachotsa inawapeza sabata yomweyo.

Anapita kukalima repu ndi tomato ku Shimabala. Ndinkati ndikawaona mawa, mawa, koma manyazi ankandigwira miyendo. Sipanathe zaka ziwiri ndinapitadi, koma kunali kumaliro awo.

Dzinja lotsatira disiketi yanga inachita nkhungu. Fayilo osatseguka, manambala sindikuwakumbukira, sikelo ikudzaza matumba moperewera, manijala ali pakhomo akuti pofika Lolemba zikapanda kutheka abweretsa munthu wa ku Lusaka. Ndinakhuthula kabati yonse, thukuta lili kamukamu. Pansi penipeni panali mapepala opinda: fayilo yakale ija, yosindikiza. Nambala iliyonse imene ndinasintha nditawatsekera kunja inali itakonzedwa ndi bolopeni. Kani masiku awo omaliza aja, pamene ndinkayesa akungoyang'ana khoma, ankaonera pa phewa langa n'kumalemba!

Kumapeto kwake anawonjezera mzere umodzi: "Madisiketi yamaola. Ukasowa pogwila, yambila apa mwaiche. Usayope."

Ndinatseka chitseko n'kulira ngati mwana. Kenako ndinalembanso fayiloyo m'mawu wamba, mzere ndi mzere, ndi ndemanga zawo zonse, ndipo Lolemba sikelo inayenda. Ntchito imene ndinawalanda anandisungira ndi iwo omwe.

Mapepalawo ndikadali nawo. Aliyense angathe kuwawerenga, monga ankafunira ba mudala. Ine ndekha ndiye ndimalephera kufika kumapeto.