Mchira wa Nyamadzi si Thalauza

"Mkazi wovala thalauza pa bwato lonyamula ana? M'dziko muno? Kaitano, ukufuna kutiphetsa tonse iwe!"

Anali a Lyton, apampando a chipani kuno kwathu, ataima pa dooko la Makhanga, chala ataloza kutsogolo kwa bwato. Ine ndinali pansi pa mtengo pomwe ndimakonzera njinga. Sipanala ndinaiponya uko.

"A Lyton, maso amenewo mwabwereka kwa yani? Umenewo ndi mchira wa nsomba!"

"Iwe Maliko, usalowerere. Miyendo sikuoneka, chitenje palibe. Chatsala n'chiyani? Thalauza! Lamulo ukulidziwa."

"Thalauza la mamba munaliona kusitolo iti?"

Anthu anaseka, kenako n'kukumbukira kuti akuseka ndani, aliyense n'kuyang'ana kumbali. Mwini bwato, a Kaitano, ankangokapa madzi ndi chipanda.

Imani ndikuuzeni za munthu ameneyu, chifukwa iye sadzadzinenera. A Kaitano anabwera ali mwana kuchokera tsidya la ku Mozambique, amayi awo atawabereka kumbuyo. Anakulira m'madzi. Bwato lawo amalitcha mwadiya, monga amanenera Asena, ndipo analisema okha. Chilimwe amapha nsomba kudambo. Koma dzinja, Shire ndi Ruo akagwirana manja n'kutisandutsa chilumba, a Kaitano amasiya ukonde n'kumaolotsa ana asukulu, m'mawa kupita, masana kubwera.

Amene sanakwerepo bwato losema sadziwa. Limagudubuka ngati chipika. Mwana mmodzi akangoimirira, nonse mwamwa. Ndiye muuzeni mwana wa Sitandade 2 kuti akhale phee mvuu ikupuma pafupi. Ena ayesapo chikwapu, ena kukalipa. A Kaitano anapeza yawo njira: Nyamadzi.

Nyamadzi ndi mtsikana wapansi pa mtsinje, kumtunda munthu, kumunsi nsomba. Anamujambula kutsogolo kwa bwato ndi msomali wotentha, tsitsi lofika m'chiuno, mchira wopindika. Ana akakwera, a Kaitano amati, "Manja pansi, ananu. Nyamadzi amamvera kunsi kwa mwadiya. Wina akachotsa dzanja, iye wathawa, nkhani yathera pomwepo."

Ndiye muone! Ana a mphuno zamamina, oti m'kalasi amavutitsa aphunzitsi, ali ndii, zikhatho zili pansi pa bwato. Amamva za nyumba yake ya zigoba za nkhono, denga la masamba a nyika, kakombo uja wa kudambo. Amamva za tsiku lomwe ng'ona inamubera chipeso, iye n'kuitsatira mpaka ku Zambezi, kenako kunyanja yaikulu kumene madzi ali ndi mchere ngati ndiwo za mkazi wokwiya. Kumeneko anakumana ndi nkhanu yogulitsa nyale, nakwera pamsana pa kamba kudutsa m'phanga lamdima. Bwato likagunda gombe, a Kaitano amadula pakati pa mawu. "Zotsala masana." Ana ena ankadana ndi Loweruka chifukwa cha zimenezi. Ine ndemwe, ndi ndevu zangazi, ndakwerapo popanda kokapita.

Zaka zonsezo, palibe mwana ngakhale mmodzi amene ananyowa kabudula m'bwato la a Kaitano. Lembani pamenepo.

Tsiku la mkanganolo a Lyton analamula kuti chithunzicho chipalidwe. Apo m'pamene a Kaitano anadzutsa mutu.

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Ndikampala, ana ayang'ana kuti? Ayang'ana mvuu. Ngati vuto ndi chitenje, bambo, mawa mumupeza atavala."

Kunyumba anapempha kansanza kwa akazi awo, mayi Teresa. Iwo anang'amba m'mphepete mwa nsalu yakale yomwe ankatsekera pazenera. A Kaitano anakakhomera pa mchira paja, Nyamadzi n'kuvala bwinobwino ngati mayi wa kumpingo. Ana anaomba m'manja. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Sitinaone chinthu chimodzi. Kansanza kaja, ngakhale kanali kosuluka, kanachoka ku nsalu ya chipani, ija amayi amavala pokavina kumsonkhano. A Lyton anakazindikira ali patali.

"Nsalu ya chipani mwaveka nsomba? M'matope?"

"Dzulo mumati thalauza, lero mwavomera kuti ndi nsomba?" ndinatero ine. Pakamwa pangapa sipadziwa buleki.

Madzulo ake anyamata a chipani anabwera. Bwato analanda, chithunzi anapala ndi chikwanje, a Kaitano anawaletsa kuponda pa dooko. Nkhafi anaipereka kwa Tomasi, mlamu wawo wa a Lyton. Tomasi sindikumunena, kupalasa amatha. Koma m'kamwa mwake munalibe china koposa "Khalani pansi, agalu inu!"

A Kaitano sanakhale pakhomo. M'mawa uliwonse ankalowa m'bango kumunsi kwa dooko, madzi m'chifuwa, kumene misundu imaluma, n'kumayang'anira bwato mpaka lioloke. Ndinawakalipira.

"Akulu, ng'ona idzakudyani chifukwa cha ana a eni!"

"A eni ake ati?" anandifunsa. "Amene akudziwa pomwe chipeso chinagwera ndi anga."

Sabata isanathe zinachitika. Mvuu inatulutsa mphuno pakati pa namasupuni, kutali ndithu, yosafuna za munthu. Connie, kamtsikana ka a Sebastiano, anaimirira kuti aione. Tomasi anakuwa, ana onse anathawira mbali imodzi, mwadiya gubudu!

Ine ndinathamanga ndi pampu m'manja osadziwa kuti ndaitenga. Pofika, a Kaitano anali kale pakati. Sanawakalipire. Anagwira bwato logudubukalo nafuula, "Manja pa mwadiya! Nyamadzi akumvera!" Ana aja, akulira, akutsamwa, anaika manja pa bwato monga anazolowerera. Tomasi ndi asodzi anawatola mmodzimmodzi. Connie yekha ndiye anamira. A Kaitano anamira kumutsatira, namutulutsa atamugwira diresi. Mwanayo anasanza madzi, nakhala moyo. A Kaitano khutu lakumanzere linaphulika, mpaka lero muyenera kuwayankhulira kumanja.

Kuyambira pamenepo makolo aletsa ana kukwera. Ndani angawadzudzule? Madzi sanaphwe, sukulu ili tsidya, ndipo a Sitandade 8 mayeso awo akuyandikira. Akaphonya chaka chino, atsikana aja ena mudzawapeza pabanja, anyamata akudula nzimbe. Bwato lili gada kuseri kwa nyumba ya a Lyton, likung'ambika ndi dzuwa, nkhuku zikuikira pansi pake.

A Kaitano agwetsa mtengo wa mtondo. Ndapita ndawaona, akusema, thukuta lili chuchuchu, mayi Teresa akuwabweretsera madzi. Ana amawazungulira, zikhatho pa chipika choti sichinakhale n'komwe bwato, ndipo Nyamadzi wafika kale ku mudzi wa nkhanu. Msomali uja auika padera.

"Mudzamujambulanso?" ndinafunsa kukhutu labwinolo.

"Ndi mchira womwe."

Koma mtondo suuma ndi mawu, ndipo mayeso sadikira munthu. Bwato lilipo kale. Wopalasa alipo kale. Chatsekereza ndi munthu mmodzi amene sasiyanitsa mamba ndi thalauza.

Anzanga akuti, "Maliko, tseka pakamwa, udzasowa." Khadi la chipani ndili nalo, msonkhano sindijomba, palibe amene ndamutukwana. Ndikungofunsa. Lachisanu tikupita pakhomo pa a Lyton, ine, a Sebastiano atagwira Connie padzanja, ndi amayi onse a ana aja. Tikakhala pansi mwaulemu, manja pansi, monga a Kaitano anaphunzitsira, ndipo sitidzukapo.

A Lyton, mutuluke. Mudzamuyang'ane Connie kumaso, mudzayankhule mokweza kuti khutu lotsala la a Kaitano limve. Mutiuze ndani anagudubuza bwato lija, ndipo mutiuze ndani awolotse ana athu Lolemba.