Mafuta a Chafutambuyo

Botolo lake linali lobiriwira, lobenthuka pamlomo, lotsekedwa ndi chitsononkho. Linkakhala pamwamba pa khoma, pamene udzu wa denga umakumana ndi dothi, ati kuti ine mwana ndisalifikire. Ngati kuti ndikanalifuna! Fungo lake linkatsika lokha n'kukhala nafe m'nyumba. Linalowa m'bulangete, linalowa mu ufa, mpaka madzi a mumtsuko ankamveka galimoto. Lero ndine nkhalamba, koma ndikamadutsa pomwetsera mafuta ndimagwira pamphuno, adzukulu n'kumandiseka. Aseke, sanaone.

Inali nyengo ya chiperoni, chaka chimene mano anga akumaso anayamba kuguluka. Tinkakhala m'malaini a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, amayi, abambo, ine, ndi amalume amene ankagona m'kanyumba kakuseri. Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi, kuthawa chibalo, n'kudzapeza thangata akuwadikira. Chifunga chinkakuta minda mpaka munthu osaona mzere wachiwiri wa tiyi, ndipo kamvula kaja kankangowaza osaleka, kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa.

Bwana wa esitetiyo anali ndi galimoto imodzi yonyamula katundu, ya mtundu uja tinkati bokosibode: kutsogolo mpando wa anthu awiri, kumbuyo bokosi la matabwa. Anaigula itatha kale, kwa mzungu mnzake amene fodya anamugwetsa. Nyengo yozizira masamba amachepa, ndiye inkatuta nkhuni za bulugamu kupita nazo kufakitale. Thanki yake inali pansi pa mpando, ndipo petulo ankangotsika yekha m'kapaipi kupita ku injini, ngati madzi m'ngalande. Ikafika pachitunda injini inkakhala kumtunda, thanki kumunsi, mafuta osafika. Adalaivala ankaitembenuza n'kukwera cham'mbuyo, khosi atapotola. N'chifukwa chake anthu anaitcha Chafutambuyo, ndipo ana tinkaithamangira tikukuwa dzinalo.

Zoseketsa zinathera pomwepo. Thanki ija inali dzimbiri lokhalokha m'kati, ikudontha pamsoko. Pamsokopo ankamatapo sopo, chiperoni n'kumusungunula, iwo n'kumatanso. Dzimbirilo linkatseka kapaipi, galimoto n'kutsokomola, n'kufa pakati pa msewu. Zikatero pankafunika munthu woti agone chagada m'matope, amasule kapaipiko, akaike pakamwa ndi kuyamwa mpaka zinyalala zitatuluka. Munthu ameneyo anali abambo anga. Kapaipi katsopano ndi thanki yabwino zinalipo ku Limbe, bwana ankadziwa. Koma Limbe inali kutali, pamene pakamwa pa Mnguru, monga ankatitchulira masiku amenewo, panali pafupi.

Sindikumbukira nkhope ya abambo bwinobwino, ndikumbukira milomo. Inali yotuwa, yosupuka m'mbali, ndipo akageya tonse tinkatembenuka. Amayi anawapatulira chikho chawochawo. Akafuna kundinyamula ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe, iwo n'kuseka ati mwanayu ndi wamatama.

Tsiku lina pachitunda chopita kufakitale kapaipi kanakana. Abambo anakoka ndi mphamvu zonse, zinyalala zinachoka mwadzidzidzi, petulo n'kuwathamangira kukhosi. Anatsamwa, petuloyo n'kuwalowa m'chifuwa. Anawabweretsa atawagoneka pamwamba pa nkhuni. Kuyambira tsiku limenelo anali pamphasa pafupi ndi moto, thupi likutentha, akutsokomola zinthu zonunkha zimene amayi ankakazikwirira kuseri. Anthu a m'malaini anati pali wina wawalodza, poti ntchito ya pagalimoto inali yosiririka. Amayi anakhulupirira zimenezo. Ine lero mfitiyo ndikuidziwa, inali ndi matayala anayi.

Kutangocha, ntchito ija anaitenga amalume. Amayi anaima pakhomo n'kuwauza kuti, "Achimwene, chaona mnzako chapita." Amalume anangoseka, ati alamu awo ankayamwa ngati khanda, pomwe ntchitoyo imafuna nzeru. Anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, manja atapaka girisi dala kuti atsikana othyola tiyi aone. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, eti.

Nzeru zawozo ndiye zinabala botolo lija. Abambo ankalavula pansi, koma amalume anati kumeneko n'kutaya chuma. Akayamwa ankalavulira m'botolo, n'kutchereranso lomwelo pansi pa msoko wodontha. Ndipo amalume ankatafuna fodya. Taganizani nokha zimene zinkadikha pansi pa botololo: dzimbiri, malovu, fodya, thovu la sopo. Asa! Koma azimayi a m'malaini ankabwera ndi tizigoba kudzapempha, ati amapha matekenya kuzala. Amalume ankawathirira pang'onopang'ono ngati sing'anga, akulandira zikomo.

Tsono ine m'mutu munali nsabwe. Kunkazizira, kumtsinje tinkapita mwa apo ndi apo, bulangete linali limodzi, ndipo tsitsi langa linali lambiri, lothithikana, lothyola zipeso. Ndinkakanda mpaka zikhadabo kufiira. Kusukulu ya mishoni aphunzitsi anandiimika kutsogolo, n'kupatula tsitsi langa ndi kamtengo kuti asandikhudze. "Uwu si mutu, ndi mudzi," anatero, ana onse n'kugwa ndi phwete. Anandibweza, ati ndisadzaonekenso mpaka nditameta mpala.

Amayi atamva anamanga nsalu n'kundigwira dzanja, ulendo wa kwa aphunzitsi. Kumeta amayi anakana. Kwathu lumo limayenda pamitu ya apabanja maliro akatha. Kumeta mwana bambo ake ali gone pamphasa ndiko kuiuza imfa kuti bwera, takonzeka. Amayi anali okonzeka kundisiyitsa sukulu, kusiya nsabwe zindidye mpaka ubongo, koma lumo ayi, mwamuna wawo akupumabe. Aphunzitsi anati zimenezo n'zachikunja. Amayi sanasunthe pakhomopo. Mapeto ake aphunzitsi anatopa, n'kugwedeza dzanja: "Chabwino, ndiye mukamuthire mafuta."

Iwo ankaganiza za palafini. Anali ndi nyale yagalasi m'nyumba mwawo, ndiye kwa iwo mafuta ankatanthauza amenewo. Ife nyale tikanaitenga kuti? Kwa ife mafuta anali mafuta: a nsatsi odzola, a nyama, a m'nyale za azungu, a galimoto, liwu limodzi lomwelo. Munthu wophunzira, wodziwa kulemba ndi choko, analephera kuwonjezera liwu limodzi lokha.

Amayi anafunsabe amalume ngati mafuta a m'botolo aja n'chimodzimodzi ndi palafini. Amalume anatsitsa botolo monyada, ati palafini ndi mng'ono wake chabe wa awa. "Awa amakweza galimoto phiri, achemwali, nsabwe n'chiyani?" Amayi anatsegula chitsononkho, ananunkhiza, nkhope n'kukwinyika, n'kulavula panja. Anayang'ana abambo pamphasa paja nthawi yaitali. Kenaka ndinawamva akudziuza okha kuti choipa n'kumwa, ngakhale palafini samwa. Anatenga kansanza koyera n'kusefera mafutawo m'chigoba, kuti malovu a amalume asakhudze mutu wa mwana wawo.

Anali masana, ngakhale dzuwa kunalibe. Tinayambira pakhonde, koma mphepo inkakankhira mvula komweko, ine mano akugundana, ndiye amayi anandikokera m'nyumba. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo, chakukhomo, kutali ndi moto. Ndikuti kutali ndithu, sanali opusa amayi anga. Mafutawo anazizira m'mutu kuposa madzi a pachitsime, kenaka anayamba kuyabwa, maso akutuluka misozi, mphuno ikuwawa. Amayi ankatikita ndi zala, akupesa. Nsabwe zinayamba kugwera pansalu yawo, zakuda, zonenepa, zosagwedeza n'mwendo womwe. "Taona, zikugwa!" anatero, ndipo anaseka. Kuyambira tsiku limene abambo anabwera pankhuni paja, kanali koyamba kuwamva akuseka.

Chimene palibe anatiuza n'chakuti palafini amadikira moto umupeze, pomwe petulo amanyamuka yekha kukautenga. Chitseko chinali chotseka chifukwa cha mphepo. Chikuni china chinathetheka pamafuwa, basi. Ndinaona kamoto kobiriwira kakuthamanga pansi kulunjika kwa ife, kopanda nkhuni, kopanda utsi, kenaka phu! Mutu wanga wonse unalira ngati nsalu yong'ambika.

Ululu sindiukumbukira, unabwera pambuyo. Ndikumbukira fungo, lija la mutu wa mbuzi akamauwaula. Ndikumbukira manja a amayi akumenya moto m'mutu mwanga, manjawo nawonso akuyaka poti anali onyowa ndi mafuta omwewo. Anandikanikiza nkhope pamimba pawo akukuwa m'Chilomwe. Ndiye abambo, munthu amene ankalephera kudzuka yekha kuti amwe madzi, anakwawa ndi bulangete lawo n'kutigwera nalo tonse awiri. Moto unazima. Anakhala atatigonera choncho, chifuwa chawo chikulira pakhutu panga, mpweya wawo ukununkha galimoto. Ulendo umenewo sindinathawe.

Zotsatira zake zimandinyansa kuposa motowo. Aphunzitsi anabwera, anaima panja kuopa fungo, n'kunena mokweza kuti anthu amve: "Ine ndinati palafini." Bodza. Ndinalipo, ndipo makutu anga anali asanapse. Amalume anati vuto ndi achemwali awo, sadziwa kagwiritsidwe ka zinthu za azungu. Bwana naye nkhani inamufika, koma chimene anamvapo iye n'chakuti petulo wake akutuluka pa esiteti m'mabotolo. Anaitanitsa amalume n'kuwakwapulitsa ndi kapitawo chifukwa cha kuba. Kuba malovu awo omwe! Za mutu wanga sanafunse, za chifuwa cha abambo sanafunse, thanki sanasinthe. Mawa lake Chafutambuyo inafanso pachitunda pomwe paja, amalume n'kugona chagada m'matope ndi msana wa mikwingwirima, kapaipi kali pakamwa.

Kudisipensale anandipaka mankhwala n'kundikulunga nsanza. Manja a amayi anatupa matuza, zala zinakhala zopindika mpaka imfa yawo, ndipo sanathyolenso tiyi mwachangu ngati kale. Koma za manjawo sindinawamve akudandaula. Tsiku limene anandimasula nsanza, mutu uli psiti, wofiira, wonyezimira, wopanda n'katsitsi komwe, amayi anatuluka panja n'kuyamba kuuza aliyense wodutsa. "Mwaona nonse, sindinamete ine. Lumo silinakhudze." Anauza azimayi a pachitsime. Anauza akapitawo. Analowa m'nyumba n'kugwada pamphasa kuuza abambo mawu omwewo, abambo n'kungogwedeza mutu. Atatero anandimanga duku mothina, n'kundiletsa kulivula ndikakhala m'nyumba.

Abambo anamwalira chiperoni chisanathe. Kumanda amayi analira monga amalirira akazi onse, atagwiridwa m'mapewa, koma anayenda okha pobwerera, ndipo anthu anati ndi mkazi wolimba mtima.

Kenaka linafika tsiku lometa. Kunabwera azakhali, alongo awo a abambo, kuchokera ku Khonjeni ndi lumo lawo. Tinakhala pamphasa pabwalo m'mawa, chifunga chisanachoke. Lumolo linali lobuntha, ndipo sopo panalibe, ankangonyowetsa ndi madzi ozizira. Anayamba ndi amayi, tsitsi likugwera pamiyendo pawo. Anafika pa amalume, amene ankatsinzina ndi kuluma mano, timagazi tikutsika kuseri kwa khutu. Ine ndinkadikira ndi mantha, poti mutu unali usanapole bwino.

Azakhali anandimasula duku. Anaima ndi lumo m'manja, akuyang'ana poti ayambire, kutembenuza mutu wanga uku ndi uku. Sananene mwankhanza, anangonena zimene ankaona. "Uyu ndiye anameta kale."

Amayi anatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu, ngakhale kumanda kuja. Anagwa chammbali, n'kuyamba kugubuduka m'matope pamodzi ndi tsitsi lawo lometedwa, akumenya pansi ndi manja opsa aja mpaka zilonda kutseguka. Azimayi atatu analephera kuwagwira.

Ine mtima unali mbee, poti lumo landilumpha. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu, amene anapirira moto ndi maliro, angadzigwetse m'matope chifukwa cha tsitsi la mwana. Ndinapita n'kuwakoka nsalu. Ndinawauza kuti asalire, limera lina.