Azamba a Mbuzi ndi Chaka cha Udzudzu

Anthu ankawatchula kuti Azamba ngakhale anali bambo wa ndevu zake. Dzinali analipata ali mnyamata, tsiku lomwe anapisa dzanja m'mbuzi ya amalume awo n'kutembenuza kamwana komwe kanagona chopingasa. Kuyambira pamenepo, aliyense amene chiweto chake chavutika pobereka ankathamangira kwa iwo. Kusukulu ya za ziweto sanapondeko. M'manja ankasamba akamaliza ntchito, osati asanayambe. Akazi awo anawaberekera ana asanu, onse kuchipatala, ndipo ankati luso la bambowa lizithera kukhola komweko.

Chaka china mvula inagwa yosakata, madzi n'kudzaza chidikha cha kuseri kwa makola chomwe chinakhala chouma zaka zambiri. Patapita milungu iwiri udzudzu unabuka ngati utsi. Kenako mbuzi ndi nkhosa zinayamba kupoloza, lero khola ili, mawa ilo. Tiana tobadwa kale tikadwala m'mawa, dzuwa silinkatilowera. Azamba ankayenda khomo ndi khomo kutulutsa tiana takufa, magazi ali mpaka m'zigongono.

Sabata isanathe thupi lawo linatentha, mutu ukuwawa kuseri kwa maso. Anadziyeza okha n'kupeza kuti ndi malungo, ndipo anamwa mankhwala otsala a mlamu wawo. Sizinaphule kanthu. Akazi awo anawakokera kuchipatala, komwe magazi anakana kuti si malungo. Adokotala, mayi wa magalasi, anafunsa ntchito yomwe bambowa amagwira, ndipo atamva anasiya kulemba.

Anawafotokozera kuti matendawa amayamba ndi kachilombo komwe kamatha kugona m'mazira a udzudzu m'dothi louma kwa nthawi yaitali, kudikira madzi. Mazirawo akaswa, udzudzu umaluma ziweto. Ziweto zikadwala, udzudzu wina umayamwa magaziwo n'kukaluma zina. Munthu akhoza kukatenga polumidwa, koma kawirikawiri amakatenga pogwira magazi ndi madzi a chiweto chodwala. Mankhwala okapha palibe, thupi limalimbana nako lokha.

"Ndiye mukuti udzudzu wandiluma kudzera mwa mbuzi?" anafunsa Azamba.

"Tingotero, bambo."

Azamba anati udzudzu wa masiku ano wayamba kulemba antchito.

Anachira patatha masiku khumi. Koma m'mawa wina akupesa ndevu anaona kuti akatsinzina diso lakumanja, nkhope yawo pagalasi ilibe mphuno. Pakati panali chibanga chotuwa. Anapukuta galasilo kawiri konse asanaitane akazi awo. Adokotala anati kachilomboko kanasiya chipsera m'kati mwa diso lakumanzere ndipo mwina sichidzachoka. Sichinachokedi.

Alangizi a ziweto atabwera ndi katemera, Azamba ndi amene ankawatsogolera, chifukwa ankadziwa khola lililonse ndi galu wake yemwe. Pochoka alangiziwo anawasiyira magolovesi aatali ofika m'mapewa. Poyamba Azamba ankadandaula kuti akavala sakumva komwe mwana waloza mutu. Akazi awo anayankha ali mkati motsuka mbale, osacheuka n'komwe.

"Diso latsala limodzi, abambo ake. Ine sindidzagwira munthu wamkulu dzanja kupita naye kuchimbudzi."

Azamba amavala magolovesiwo mpaka lero. Pa mbuzi zawo khumi ndi zitatu za chaka chimenecho panatsala zinayi, ndipo imodzi mwa izo ndi yomwe imawatafunira magolovesi akawayanika pachingwe.