M'chitokosi ndi Anambewe

Anagogoda m'mawa, ndikupesa mwana wanga wamkazi kuti apite kusukulu. Munali mu June, chaka cha 2008, chisankho chobwereza chili pafupi. Pakhomo pa chipinda chimene ndinkachita lendi ku Sakubva panaima amuna awiri ovala zawamba ndi wapolisi wamkazi. Sanakweze mawu. Wamkaziyo anandiyang'ana kumapazi nati m'Chishona, "Vala nsapato ndi juzi. Kumene ukupitako kumazizira." Ndinasiya chipeso m'tsitsi la mwana, n'kumuuza kuti apite kwa aneba. Kenako ndinakwera galimoto.

Sinditchula dzina la munthu aliyense. Amayi amene ndikuwakumbukawa ndiwatchula ndi mfunda wawo, Anambewe, monga tinkawaitanira kutchalitchi. Tinawaika m'manda mwezi wathawu. Pamaliro, kunyumba kwawo ku Greenside, anthu analankhula za zaka zawo zambiri m'boma ndi za mapemphero a amayi a Lachinayi amene sankajomba. Za masabata amene tinakhala limodzi m'chitokosi panalibe anatchulapo. Ndiye ndati ndilembe ineyo, ngakhale kuzikumbuka kumanditopetsa.

Anambewe anabadwira ku Sakubva konko, bambo awo atachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Analowa m'boma ali mtsikana, dziko litangolandira ufulu, ntchito yawo ili yotayipa. Anakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala woyang'anira thandizo la anthu ovutika m'dera lathu. Amuna awo anamwalira msanga, ana anawalera okha. Ine ndinakulira m'komboni papulazi ya fodya cha ku Odzi. Minda italandidwa, ife antchito tinauzidwa kuti tizipita kwathu. Kwathu kuti? Mayi anga omwe anabadwira papulazi pomwepo. Ndinafika m'tauni ndi ana awiri ndi mtolo wa ziwiya.

Chaka chimene ndikunenachi kunali njala. Chimanga cha thandizo chikabwera, pamzere pankaima anyamata a chipani, n'kumachotsa aliyense amene ankamukayikira. Ife a m'mapulazi ankayambira ife. "Mabhurandaya, tulukani," ankatero, dzina limene amatinyoza nalo ochokera ku Malawi. Tsiku lina Anambewe anatuluka muofesi, anauza anyamatawo kuti akaime kunja kwa mpanda, ife n'kutibwezera pamzere. Ndinalandira thumba langa, ndinasenza, ndinapita. Mlandu wonse unali umenewo.

Nditalowa m'chitokosi ndinawapeza atakhala pakona, juzi yawo atapinda bwinobwino pamiyendo ngati ali pabenchi m'tchalitchi. Anali atawatenga dzulo lake kuntchito.

"Nabanda, nawenso?" anatero. "Ana wasiya ndi ndani?"

"Ndi aneba, Amayi."

"Basi, khala apa. Pakhoma pano mphepo siwomba kwambiri."

M'menemo tinalimo amayi ambiri kuposa mabulangete. Pansi panali simenti, pakona ndowa imodzi. Chakudya chinkabwera kamodzi patsiku, masiku ena osabwera. Anambewe ankadwala shuga, ndipo mapiritsi awo anawalanda polowa. M'mawa uliwonse ankaima pachitseko n'kupempha mwaulemu, "Mwananga, ndithandizeni mankhwala anga aja." Woyang'anira chitokosi ankayankha chimodzimodzi: "Kuno si chipatala, ambuya." Iwo ankathokoza, n'kubwerera pakona pawo.

Ananditenga kukandifunsa tsiku lachiwiri. M'chipindamo munali tebulo, benchi ndi amuna awiri aja. Zimene ankafuna zinali zochepa. Ndinene kuti pogawa chimanga Anambewe ankauza anthu woti amuvotere. Wamkuluyo anali ndi mawu ofatsa. "Iwe sitikufuna," anatero. "Ndiwe ndani iwe? Ngakhale mudzi ulibe. Tiuze za amayi ako aja, ukaphikire ana." Ndinati sindinamve zimenezo. Anandiuza kuti ndivule nsapato ndi kugona chafufumimba pabenchi. Zotsatira sindilemba. Ndinalowa m'chipindamo choyenda, ndinatuluka chokwawa.

Anambewe anavula duku lawo, analinyowetsa ndi madzi awo akumwa, n'kundikulunga mapazi. Atamaliza anati, "Nabanda, tamvera. Akakutenganso, ukafuna kunena zimene akufunazo, nena. Uli ndi ana aang'ono. Ine sindidzakusungira chakukhosi, ndipo Mulungu akuona mapazi akowa."

"Ndinene chiyani, Amayi? Mawu amene ndinamva pakamwa panu pogawa chimanga paja ndi amodzi okha. Munkangoti, wotsatira."

Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso. Ananditenganso kangapo. Sikuti ndinali wolimba mtima. Ndinkalira, ndinkaitana mayi anga amene anamwalira kalekale. Kungoti bodzalo linkandikanika kulipanga, mutu utaima.

Iwonso ankawatenga. Pobwera sankanena kanthu, koma tsiku lina anabwera mlomo utatupa, magalasi awo atathyoka mwendo umodzi. Nditawaumiriza anandiuza zochepa. Akuti anawafunsa kuti, "Mumalandira malipiro a boma, nanga bwanji mukudyetsa adani a boma?" Iwo anayankha kuti lamulo limene anapatsidwa limati wanjala alandire, ndipo ngati linasintha, iwo sanauzidwe.

"Boma ndaligwirira ntchito anyamatawa asanabadwe," anandiuza. "Boma si iwowa ayi."

Boma limene ndinkalidziwa ine linali lomwelo la m'chipinda chija.

Lachinayi likakwana ankatisonkhanitsa masana, monga ankachitira kutchalitchi. Ankapemphera m'Chishona kuti onse amve, koma akafika pa ana awo ndi pa imfa, lilime linkabwerera lokha ku Chichewa. Ankapempherera odwala, ana athu, ndiponso otiyang'anira ndi akuluakulu a dziko. Akafika pamenepo ine ameni ndinkamumeza. Ankadziwa, koma sanandidzudzulepo. Tsiku lina woyang'anira anamenya chitseko ndi ndodo.

"Mulungu wanuyo ali ndi makiyi?"

"Ayi mwananga, makiyi muli nawo ndinu," anatero Anambewe. "N'chifukwa chake tikukupemphererani."

Chisankho chinachitika tili momwemo. Tinadziwira kumalipenga a magalimoto mumsewu. Pofika mu July Anambewe anali atafooka kwambiri. Ludzu silinkawathera, maso sankaona bwino, ndipo kupita pandowa ndinkachita kuwagwira. Tsiku lina, mutu utasokonezeka, anandifunsa ngati mayi awo abwera kuchokera kumsika. Ndinagogoda chitseko mpaka zala kutupa. Amene anabwera anasuzumira nati, "Akadapuma," n'kubwerera.

Mwina anaopa maliro. Patapita masiku ochepa, m'mawa wa Lachiwiri, anatiitana awirife. Kukhoti sitinapiteko, ndipo palibe anatiuza mlandu. Wapolisi wamkazi uja anatibwezera nsapato zimene anatilanda ndi kabotolo ka mapiritsi kali chitsekere. "Zipitani," anatero. "Kuno simunafikeko." Nsapato zanga sizinalowe, ndinazinyamula m'manja.

Kunja kunali dzuwa ndi kamphepo kochokera kumapiri. Anthu ankadutsa ndi ulendo wawo, osatiyang'ana. Tinayenda pang'ono, iwo atatsamira paphewa langa, ine ndikuponda ndi m'mbali mwa mapazi. Tisanafike pokwerera makombi, maminibasi a kuno, tonse tinalephera, n'kukhala pakamlatho ka ngalande m'mphepete mwa msewu. Anameza piritsi popanda madzi.

"Lero ndipume," anatero. "Ndikapeza bwino ndibwerera kuntchito."

"Kwa anthu omwewo, Amayi? Panalibe ndi mmodzi yemwe wa kuofesi kwanu anabwera kudzakuonani."

"Ankaopa, Nabanda. Nanenso ndinkaopa. Koma anthu aja akadali pamzere."

Anabwereradi. Pachimanga anawachotsapo, n'kuwapatsa kachipinda ka kumbuyo kopanda chochita chenicheni. Ankapitabe tsiku lililonse, bulauzi atasita, mpaka anapuma pantchito. Maso awo sanachirenso. Zaka zomaliza Baibulo ankachita kuwawerengera adzukulu, amene Chichewa amachimva mwa apo ndi apo, moti ankawawerengera la Chishona. Palibe anabwera kudzapepesa, ndipo iwo sanayembekezere.

Ine tsopano ndimakhala ku Gimboki, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene ana anandimangira. Kukazizira mapazi amandiwawa, ndipo galimoto ikaima pafupi ndimasiya chimene ndikuchita. Kukhululuka kwa Anambewe ndilibe. Ndayesa, ndatopa. Ana akamandifunsa kuti ndinamva bwanji titatuluka, amafuna ndinene kuti ndinavina kapena ndinaimba. Sindinatero. Ndinali ndi njala, ndinkanunkha, ndinkaopa kukapeza ana anga ali bwanji. Ufulu umene ndinaudziwa tsiku limenelo unali waung'ono kwambiri. Amayi awiri tinakhala pakamlatho paja nthawi yaitali, dzuwa likutiwomba kumsana, ndipo panalibe wotiuza kuti tidzuke.